Mayi Musadine ndi Kalata Yokiya ya Aphunzitsi

Alamu anga amagwira ntchito pansi pa masitepe. Sindikuwanyoza ayi, ndi mmene zilili. Ofesi yawo ili kunsi kwenikweni kwa masitepe okwerera ku labotale, moti munthu wathupi akamatsika, kapu yawo ya tiyi imanjenjemera patebulo. Mulibe windo. Muli mafoni awiri, kompyuta ya sikirini yaikulu, fani yomwe inaiwala kutembenuka, ndi mpando wa alendo umene ndinaulanda ine kalekale. Ndimakhalapo tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, chifukwa ine ntchito yanga ili kutsogolo, pawindo lolandirira mafomu ndi magazi, ndipo kumeneko munthu sungameze chakudya popanda wina kukugogodera galasi.

Iwowa ndi mlongo wawo wa amuna anga, n'chifukwa chake ndimati alamu. Ena onse pachipatala pano, kuyambira alonda a pageti mpaka bwana wamkulu, amawatchula kuti Mayi Musadine. Dzinali anadziputira okha. Foni ikalira, asanamve n'komwe vuto lake, amayamba ndi mawu omwewo: "Musadine kalikonse. Chotsanipo kaye chala."

Anayamba ntchito ali mtsikana, akutaipa makalata pamakina aja a riboni. Makinawo atatha ntchito, alamu anasamutsidwira kolumikiza mafoni, komwe anakhalako zaka khumi ndi zinayi akumva mawu a anthu okwiya, olira ndi osochera. Sukulu ya makompyuta sanapondeko. Makompyuta atabwera, anabwera ndi anyamata awo a madigiri, ndipo alamu ankangoima kumbuyo kwawo ndi kapu m'manja ngati munthu wosowa chochita, koma maso ali pa zala. Anyamatawo ankatha chaka chimodzi n'kupeza kwina kwabwino. Alamu ankatsala, ndipo aliyense wochoka ankawasiyira kanthu m'mutu osadziwa.

Zaka zitatu zapitazo chipatala chinayamba kutumiza zotsatira za kulabotale pa imelo yokiya. Nzeru yake ndi yabwino, ndipo ndi yosavuta ukaimvetsa. Kalata imafika ku imelo yako, koma ukaitsegula umangoona batani limodzi. Ukalidina, makina amatumiza meseji ya manambala asanu ndi limodzi ku foni imene inalembedwa m'fayilo yako. Ukalemba manambalawo pasanathe mphindi khumi, kalata imatseguka. Ukadinanso batani lija, nambala yoyamba imafa, n'kubwera ina. Ife a mkati muno sitivutika nazo, chifukwa makina amatidziwa. Ovutika ndi anthu akunja: odwala, ana awo, anamwino a tizipatala ting'onoting'ono. Munthu amene akudikira kumva za magazi ake sadina kamodzi. Amadina ngati akugogoda pakhomo pa munthu wogontha.

Madandaulo atachuluka, anyamata a makompyuta ankangoyankha Chingelezi chambiri n'kudula foni. Bwana anatenga nambala yothandizira anthu akunja n'kuipereka kwa alamu, ndipo kuyambira tsiku limenelo phokoso linatha. Amadziwa kumva phuma la munthu pa kapumidwe kake. Anathandizapo bambo wina amene ankalemba tsiku lake lobadwa m'malo mwa nambala, ndi mayi wina amene anatumiza kalata yokiya kwa ana ake onse asanu kuti wanzeru aitsegule. Zamkati mwa kalata iwo saziona. Pasikirini pawo pamangooneka za pamwamba pa envelopu: yapita kwa ndani, batani ladinidwa kangati, yatsegulidwa kapena ayi, ndi manambala atatu omalizira a foni. Komatu kudzitama kwake! "Alamu," amatero akupukuta magalasi, "palibe kalata inandikanapo ine." Ndimawaseka kuti mlongo wawo nayenso amatero za galimoto yake, yomwe timaikankha m'mawa uliwonse. Koma kunena zoona, sindinawaonepo atalephera.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachinayi, nthawi itangopitirira 1 koloko. Ndinali nditangotsegula kontena yanga ya chakudya pamene foni yoyamba inalira. Alamu amaika foni pa sipika kuti manja akhale pa kiyibodi, choncho ndinamva zonse.

"Musadine kalikonse. Chotsanipo kaye chala."

"Ndadina kale mpaka chala chatopa!" Anali mawu a mayi wachitsikana, ndipo ankamveka kuti misozi ili pafupi. "Makina anuwa ndi akufa. Kuyambira 8 koloko palibe meseji yafika."

Alamu anamulola kuti atulutse zonse. Bambo ake, mphunzitsi wopuma pantchito, anali ndi chotupa pakhosi. Masabata awiri apitawo anabwera kuno, anawadula kachidutswa kuti kakayezedwe, ndipo zotsatira zinatumizidwa ku imelo ya mwana wawoyo. Tsopano anali pabenchi pa chipatala china chaching'ono chakwawo, ulendo wa maola atatu kuchokera kuno. Dokotala wa maopaleshoni amafikako kamodzi pamwezi, ndipo tsikulo amanyamuka 3 koloko. Anali atawauza mosapsatira kuti popanda zotsatira sangalembe dzina lawo pamndandanda, adzaonana mwezi wamawa. Chotupacho chinali chitayamba kale kuwavutitsa pomeza.

Alamu anafunsa nambala ya fayilo n'kuilemba. Ndinasuzumira pasikirini: batani linali litadinidwa maulendo 23.

"Achemwali, makina ali moyo. Mameseji onse apita, ndipo afika. Foni imene ili m'fayilo imathera ndi 417. Ndi yanu?"

"Ayi."

"Ya bambo?"

"Ya bambo imathera ndi 90..." Mawu anaduka. Kunamveka mwana akulira chapatali, ndi wina akukoka benchi. Kenako anayankhula motsitsa. "Imeneyo ndi ya munthu wina amene sitiyankhulana. Bambo wa ana anga. Tinasiyana zaka ziwiri zapitazo. Nambala yake ikutani m'fayilo ya bambo anga?"

Ndinaika kontena pansi, chifukwa yankho lake ndinali nalo ine. Ndinaikumbukira fomu ya aphunzitsiwo. Malo olembapo foni anawasiya opanda kanthu, mzere unali utafika kugeti, ndipo m'malo mowaitana kuti abwerere ndinangotsegula fayilo yawo yakale, ya zaka zisanu zapitazo, n'kukopera nambala imene ndinapezamo. Ndinadziona wochenjera tsiku limenelo. Alamu anatseka sipika, n'kuloza pakona ya sikirini pamene pamalembedwa amene analowetsa fomu.

"Alamu, dzina ili ndikulidziwa."

"Ndi ine," ndinatero. Manyazi anandigwira mpaka m'zala.

"Tikambirana. Panopa khalani pomwepo, musathawe."

Atatsegulanso sipika, mayi uja anali atapsa mtima. Anati asinthe nambalayo pompo aike yake. Alamu anakana. Nambala ya m'fayilo simasinthidwa pafoni, mwini wake amabwera yekha ndi chiphaso, apo ayi aliyense akhoza kuimba n'kunena kuti ndine mwana wa uje. Mayi uja anati ndiye angomuwerengera zotsatirazo. Alamu anamuuza kuti ngakhale atafuna sangathe, kalatayo ndi yokiya kwa iwonso.

"Ndiye bambo anga afe chifukwa cha malamulo anu?"

"Safa lero, achemwali. Tili ndi ola limodzi ndi theka, ndipo kalatayi itseguka. Musadule."

Anayankhula ngati akunena kuti mawa ndi Lachisanu. Ine mtima unali m'mwamba, ndipo sindinkaona njira ina iliyonse. Nthawi yomweyo foni yachiwiri inalira. Alamu anapempha mayi uja kuti adikire, n'kuyankha inayo. Kumbuyo kunkamveka makina odulira zitsulo, kenako phokosolo linazima, ngati munthu watuluka panja.

"Pepani mayi, ndaona nambala yanuyi pansi pa meseji. Kuyambira m'mawa foni yanga ikungolira, manambala okhaokha, akuti otsegulira kalata ya kulabotale. Ine ndine wowotcherera zitsulo, sindinayezetse kalikonse. Koma pali munthu mmodzi amene ndinabwera naye kumeneko kale, ndinalembetsa nambala yanga chifukwa iwo anali atakomoka. Apongozi anga. Mayi, ali moyo?"

Ndinayang'ana alamu. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Bambo, za munthu aliyense sindingakuuzeni, ngakhale kuti alipo kapena palibe. Zimene ndingakuuzeni ndi za foni yanu. Musaizimitse, musapite kopanda netiweki, ndipo manambala amenewo musauze munthu amene simukumudziwa. Ngakhale ine ndikawapempha, mukane."

"Ndayesa kuimba konse. Mayi a ana anandibuloka. Ya apongozi inasintha, yatsopano sanandipatse." Anapuma mwamphamvu. "Sindikufuna kuvutitsa munthu. Ndingofuna kudziwa basi."

"Ndamva. Khalani pafupi ndi foni."

Anabwerera ku foni yoyamba. Apa m'pamene ndinaona chimene chimasiyanitsa alamu ndi anyamata a madigiri aja. Iwo akanalimbana ndi makina, kapena ndi mayi wokwiyayo. Alamu anafunsa funso limene amafunsa nthawi zonse zinthu zikafika povuta.

"Achemwali, kalatayi ndi ya ndani?"

"Ya bambo."

"Ndipatseni eni ake."

Kunamveka kunong'onezana, kenako mawu a munthu wamkulu, osasa, otuluka movutikira koma aulemu. Anayamba ndi moni wathunthu, mpaka kufunsa za kunyumba. Alamu anayankha moni wonsewo osafulumira, ngakhale ine ndinkayang'ana wotchi. Anawafunsa dzina lonse, tsiku lobadwa ndi tsiku limene anabwera kudzayezetsa, ndipo zonse zinagwirizana ndi fayilo. Kenako anawafotokozera bwinobwino, monga mmene munthu ungafotokozere mphunzitsi: kalata ili pafoni ya mwana wawo, kiyi wake akupita ku foni ya mkamwini wawo wakale, ndipo kulakwitsa kumeneku kunachitika kuno, osati kwa iwo.

"Mwini foniyo waimba kuno yekha, aphunzitsi. Akufunsa ngati muli moyo. Sindinamuuze kanthu. Iye sangaone zamkati mwa kalata, ali ndi manambala chabe. Koma kalata ndi yanu, matenda ndi anu. Mukafuna kuti asadziwe n'komwe kuti mukudwala, nenani, tidikire mubwere kuno ndi chiphaso."

Aphunzitsi anatsokomola kwa kanthawi. "Mayi, mwana ameneyo anandibereka kumsana kuchokera pamsewu mpaka m'chipatala chanucho. Ukwati umene unatha ndi wa awiriwa. Ine sindinasudzulane naye."

"Bambo!" anatero mwana wawo chapambali. Analanda foni. "Chabwino. Ndiye akuuzeni inuyo manambalawo, inu mutiuze ife."

"Ayi, achemwali. Kiyi wa kalata ya munthu sadutsa m'manja mwanga. Ndikayamba kulandira manambala lero, mawa wakuba adzakuimbirani akuti ndine wa kulabotale, ndipo inu mudzampatsa."

"Mukudziwa zimene anandichita munthu ameneyo?"

"Sindikudziwa, ndipo mwina ndikanadziwa ndikanamubuloka kawiri. Sindikuti mumukhululukire. Simukufunika n'komwe kumuyankhula. Foni yanu ikhale pa kalata, musaigwiritse ntchito ina, tsamba lingatsekeke. Aimbe ndi bambo, pafoni yawo. Akayankha, m'pamene mudine, kamodzi kokha. Iye awerenge meseji yomalizira, osati zam'mawa zija, zonsezo zinafa. Bambo akuuzeni, inu mulembe. Muli ndi mphindi khumi."

Kenako tinamva aphunzitsi akufunsa, "Mwanawe, nambala yake uli nayo?"

"Ndinaifufuta kalekale."

Fani inkangopukusa mapepala a patebulo. Ndiyeno mayi uja, ndi mawu ouma ngati akuwerenga chikwangwani, anayamba kutchula nambalayo pamtima, imodziimodzi, bambo ake akudina. Sanakayike paliponse. Inathera ndi 417.

"Dulani tsopano," anatero alamu. "Ine ndikuonerani pano."

Foni itaduka tinatsala awiri ndi sikirini. Nthawi inali 2:20. Patapita kanthawi, 23 uja anasanduka 24.

"Wadina kamodzi," anatero alamu. "Mwana womvera."

Anathira tiyi wina, n'kutembenukira kwa ine. Ndinkaganiza kuti aiwala, koma alamu saiwala. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. Anati safunsa anadya phula, ndipo malo opanda kanthu pafomu ndi funso, si mpata woti kalaliki aonetse nzeru. Fayilo ya zaka zisanu ndi ya anthu ena: maukwati amatha, mafoni amabedwa, anthu amamwalira. Lero tapeza mkamwini wamtima wabwino, mawa tidzapeza woti akangomva kuti mkulu uja akudwala ayamba kuyeza munda. Anandiuza kuti lipoti ndilembe ndekha, ndi dzanja langa, ndikalipereke kwa bwana ndisanaweruke. Ndinavomera, chifukwa panalibe chotsutsa.

Mphindi zinayi zinadutsa, kalata ili chikiyire. Zisanu. Zisanu ndi imodzi. Ndinaimirira n'kukhalanso.

"Alamu, bwanji tiwaimbire?"

"Tikaimba tiwasokoneza tsamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi, mukunditchingira fani."

Ankamwa tiyi wawo mwakachetechete ngati munthu amene ali paholide. Koma ine ndinali pampando wammunsi, ndipo ndinkaona phazi lawo pansi pa tebulo. Linali litavula nsapato, likugunda simenti mosalekeza. Ndakhala nawo zaka zambiri, m'maliro ndi m'maukwati, ndipo ndinali ndisanaonepo phazi limenelo likuchita zotero. Ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo, ngakhale anali atangondikalipira.

Pa mphindi yachisanu ndi chinayi mzere wa pasikirini unasintha. Yatsegulidwa, 2:31.

Ndinakuwa mpaka wina amene ankatsika masitepe anaima. Alamu anangovala nsapato yawo. "Ndinanena," anatero, n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

Ndinabwerera kuwindo langa, koma mutu sunali pantchito. Munthu aliyense wobwera ndi fomu ndinkamufunsa nambala ya foni kawiri, mpaka agogo ena anandifunsa ngati ndikufuna kuwafunsira. Itakwana 4 koloko ndinatenga lipoti langa, ndipo popita kwa bwana ndinadzera pansi pa masitepe. Ndinapeza foni yoyamba ikulira. Anali mayi uja, mawu ake atatopa.

"Mayi, ndati ndikuuzeni. Tinatsala pang'ono kuchedwa chifukwa cha bambo. Munthu uja atangomva mawu awo anayamba kulira, bambo n'kuyamba kumutonthoza, kenako kumufunsa za amayi ake, za ntchito, za msana wake. Ine ndikuona nthawi ikutha. Ndinachita kuwalanda foni n'kukuwa kuti, 'Nambala!' Zaka ziwiri osamuyankhula, mawu anga oyamba n'kukhala amenewo."

"Anakupatsani yolondola?"

"Anawerenga kawiri, pang'onopang'ono, ngati ndine mwana wa sitandade wani." Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera m'misozi. "Ndi khansa, mayi. Dokotala waiwerenga ataima pakhomo, chikwama chili kale paphewa. Akuti yagwidwa isanafalikire, koma mwezi wina ukanakhala wautali. Wawalemba kuti akachitidwe opaleshoni Lachiwiri."

Alamu anatseka maso kwa kanthawi. Iwo zamkati mwa makalata sazimva kawirikawiri, anthu kalata ikatseguka saimbanso. "Lachiwiri ndi pafupi," anatero. "Mwagwira ntchito, achemwali. Bambo akapeza bwino mudzabwere nawo ndi chiphaso, tidzakonze nambala ija. Amene analakwitsa ali pano, adzakulandirani yekha."

Tinkamva minibasi ikuitanira anthu, ndi aphunzitsi akutsokomola pafupi ndi mayi uja.

"Musaganize kuti tabwererana, mayi. Sizingatheke, ndipo iye akudziwa." Kenako anawonjezera kuti, "Koma nambalayo musaichotse kaye. Lachiwiri ine ndidzakhala mkati ndi bambo, foni ndidzazimitsa. Pakufunika wina panja woti akaimbiridwa ayankhe."